Funsani Makaniko: Tazz ya amalume kapena galimoto ya kompyuta?

Makalata a mwezi uno achuluka pa nkhani imodzi, ya magalimoto akale ndi amakono. Ndasankhapo asanu. Enawo ndidzayankha mwezi wamawa.

Bambo makaniko, ndimachokera ku Zomba ndipo ndimakhala ku Rosettenville. Ndasunga kandalama koti ndigulire galimoto yoyamba ya banja. Amalume anga, amene anabwera kuno ku Joni kalekale, akuti ndigule Toyota Tazz kapena Citi Golf chifukwa magalimoto amakono ndi mapulasitiki okhaokha, ndipo akangowonongeka palibe wokonza. Mayi a kunyumba akufuna ya cha m'ma 2015. Tili ndi ana awiri. Ndimvere ndani?

Achimwene, amalume anuwo sakunama, ndipo musawayankhe mwamwano. Magalimoto amene akutchulawo anagwira ntchito yaikulu m'dziko muno. Citi Golf inkapangidwa ku Uitenhage, kumene tsopano amati ku Kariega, kuyambira 1984 mpaka 2009. Tazz inagulitsidwa mpaka 2006. Kabaki ka Nissan 1400 kanafika mpaka 2008. Mukatsegula boneti ya iliyonse mwa zimenezi mumaona pansi, dzanja limafika paliponse, ndipo munthu wokhala ndi masipanala ochepa ndi sikuludiraiva amatha kuibwezera pamsewu. Masipeya ake ali m'mashopu a ku Booysens, ku Jeppestown, ngakhale ku sikirapu iliyonse. Zimenezi ndi zoona zenizeni.

Koma pali zinthu zimene ife akuluakulu timaziiwala tikamakamba za kale. Ine ntchitoyi ndinaphunzirira ku Ndirande pa magalimoto a kabuleta (chosakanizira mpweya ndi petulo) ndi mapointi (tizitsulo todula magetsi opita ku mapulagi), ndipo ndimakumbukira mmene tinkakhalira nawo. Galimoto inkabwera kugalaja pafupipafupi, osati chifukwa yafa, koma chifukwa inkafuna kuchunidwa. Mapointi apsa, taimingi yasuntha, mavavu akulira, kabuleta yadzadza zinyalala. Kuno ku Joni m'mwezi wa Juni, kum'mawa kukazizira, mwini galimoto ankakoka choko, kupopa mafuta, kenako n'kuitana anyamata a pa geti kuti akankhe. Tinkati ndi moyo wa galimoto basi. Galimoto yakale inkavuta kawirikawiri koma mavuto ake anali aang'ono ndi otchipa. Yamakono imayenda nthawi yaitali osadandaula, koma tsiku limene yagwa imagwetsa ndi thumba lomwe.

Chinanso n'chakuti ma Tazz amene mukuwaona akuyenda lero ndi opulumuka. Anzawo ambirimbiri anapita ku sikirapu kalekale, ena ndi dzimbiri, ena ndi ngozi, ena injini itagogoda. Munthu akaona otsalawo amaganiza kuti onse anali otero. Ndipo ganizirani zaka. Tazz yomaliza kutuluka m'fakitale inatuluka mu 2006. Rabara yonse ya m'galimoto imeneyo, mapaipi a madzi, mabushi, masiilo, yakalamba. Mawaya adutsa m'manja mwa anthu ambiri, aliyense kudula ndi kulumikiza alamu yake ndi wailesi yake. Tazz imene amalume anu akuikumbukira ndi ija ya zaka zitatu, osati imene mungaipeze lero pa Facebook Marketplace.

Tiyeni tione chimene kompyuta inabweretsa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, n'chifukwa chake injini yopanda turbo imakhala yofooka kuno poyerekeza ndi ku Durban, ndiponso n'chifukwa chake kuno timapeza petulo wa 93 pamene kugombe amagulitsa 95. Kabuleta sidziwa kuti ili kuti. Ikachunidwa bwino kuno, mukatsikira kunyanja imasakaniza mafuta molakwika. Galimoto ya ma injekita ili ndi masensa oyeza mpweya wolowa, kutentha kwa injini ndi utsi wotuluka, ndipo kompyuta imasintha mlingo wa mafuta nthawi iliyonse injini ikulira. Zotsatira zake, imalira msanga kukazizira, imamwa mafuta ochepa, ndipo petulo wosapsa satsikira m'masilinda kukatsuka oyilo. Apa ndi pamene pagona kukhalitsa kwa injini. Kale injini ikafika makilomita 200,000 tinkayamba kukamba zoitsitsa. Lero ndimalandira ma Corolla a anyamata a Uber ndi Bolt amene anadutsa 400,000 hedi yake isanatsegulidwepo, bola mwini wake sanaphonye oyilo.

Nanga amalume akudandaula chiyani? Akudandaula zinthu zimene inenso zimandipweteka mtima. Opanga magalimoto, pofuna kuchepetsa utsi ndi kulemera, anayamba kuika injini zazing'ono za masilinda atatu zokhala ndi turbo, zopopera petulo molunjika m'silinda pa mphamvu yaikulu. Injini yotere imathamanga bwino, makamaka kuno kumtunda, koma imagwira ntchito yotentha ndipo siikhululuka. Mukathira oyilo wa mtundu wolakwika kapena kudumpha sevisi, turbo ndi imene imayamba kupita. Zina zili ndi lamba wa taimingi woyenda m'kati mwa oyilo, ndipo lambayo akayamba kunyenyeka tizidutswa take timatseka sefa ya pampu ya oyilo. Zotengera madzi zimene kale zinali zachitsulo tsopano ndi zapulasitiki, ndipo zikakalamba zimang'aluka mosachenjeza. Hedi ya aluminiyamu ikatenthedwa kamodzi kokha imapindika. Nyali yakutsogolo imene kale tinkangosintha babu, pa magalimoto ena muyenera kugula nyali yonse. Kiyi ikatayika pamafunika munthu wa makina kuti yatsopanoyo aidziwitse kwa kompyuta. Ndiye pali magiyabokisi a otomatiki a makilatchi awiri, amene sagwirizana ndi kuima-ima kwa pa M1 m'mawa kapena pa maloboti ozima.

Choncho yankho langa lili pakati, ndipo ndikulinena mosazengereza. Pali m'badwo wa magalimoto umene unatenga ubwino wa kompyuta koma sunafike pa zovutazi: injini ya petulo yopanda turbo, ya 1.2 mpaka 1.6, giya yamanja. Ndikunena za Polo Vivo imene inalowa m'malo mwa Citi Golf mu 2010, Toyota Etios, Corolla Quest imene inayamba mu 2014 ndipo inkapangidwa ku Prospecton ku Durban, Suzuki Swift, Hyundai i20 ndi zina zotere. Etios ndi Quest zili ndi tcheni cha taimingi m'malo mwa lamba, ndiye ndalama imeneyo yapulumuka. Makaniko aliyense wa m'mbali mwa msewu amazidziwa, ndipo masipeya ake ali paliponse monga a Tazz.

Koma chimene chandichititsa kuima ndi mayi a kunyumba kwanu ndi ana awiriwo. Amalume akati galimoto yakale ndi yolimba chifukwa ikagundidwa siphwanyika, akunena za chitsulo. Ine ndimaona magalimoto akabwera pa buleki dauni ngozi itachitika. Yamakono imakhwinyata kutsogolo dala, kuti mphamvu ya kugundako ithere m'boneti isanafike pa chifuwa cha woyendetsa. Ma Tazz ndi ma Citi Golf ambiri alibe airbag, alibe ABS yoletsa matayala kukhuluzika mukaponda buleki mwadzidzidzi. Bungwe la Global NCAP pamodzi ndi bungwe la oyendetsa magalimoto la kuno la Automobile Association (AA) linayamba mu 2017 kuyesa magalimoto ogulitsidwa mu Africa powagunditsa kukhoma. Mu 2018 baki ya Nissan NP300 Hardbody, imene inapangidwa motsatira mapulani akale ndipo anthu ankaitama kulimba, sinapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa kuteteza akuluakulu. Kulimba kwa pamaso ndi kuteteza munthu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Injini ndikhoza kukukonzerani, koma mwana wovulala pa N12 sindingathe.

Za akuba nazo muziganizire. Galimoto yakale yopanda imobilaiza imabedwa mosavuta, ndipo masipeya ake ali ndi msika. Polo nayo akuba amaikonda kwambiri, kotero funsani mtengo wa inshuwalansi ndi wa tracker, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, musanapereke ndalama.

Mukapita kukaona galimoto, pitani m'mawa injini isanalizidwe, ndipo muigwire kaye kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Pemphani buku la sevisi, ndipo imbani kugalaja imene inadinda kuti mumve ngati amaidziwa. Mukatembenuza kiyi, nyali zonse za pa dashibodi ziyake, kenako zizime injini ikalira. Ngati nyali ya injini kapena ya airbag siyaka n'komwe, wina anaizimitsa kuti abise vuto. Pa pepala la galimoto onani ngati si Code 3, kutanthauza yomangidwanso itawonongeka kwambiri. Ndipo musagwiritse ntchito ndalama yonse pogula. Siyani ina ya sevisi yoyamba, matayala ndi roadworthy, kuyezetsa kosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Bambo, ndine mayi wa ku Dedza, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg ndipo ndimakhala ku Cosmo City. Galimoto yanga ya 2013 inayatsa nyali yachikasu ya injini. Makaniko anaika makina, n'kunena kuti ndi sensa ya ku ekizozi. Ndinagula. Patapita masiku nyali inabwerera. Akuti tsopano ndi sensa ina. Ndalama zatha koma nyali ikuyakabe. Kodi magalimoto a kompyutawa sakonzeka?

Mayi, pepani kwambiri. Ndalama ya ntchito ya m'nyumba ndimaidziwa kuwawa kwake, ndipo nkhani yanuyi ndimaimva pafupifupi sabata iliyonse. Galimoto yanu imakonzeka. Vuto ndi mmene makinawo akugwiritsidwira ntchito.

Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16. Dongosolo limeneli limatchedwa OBD-II, ndipo linakhala lamulo ku America mu 1996, kenako linafalikira kulikonse. Makina akalumikizidwa pamenepo, kompyuta ya galimoto imapereka nambala. Koma nambalayo sinena kuti gulani chakuti. Ili ngati mwana amene akuti m'mimba mukupweteka: adokotala abwino amayamba ayeza, chifukwa mwina ndi malungo, mwina njoka za m'mimba, mwina wangodya mango osapsa. Mwachitsanzo nambala ya P0171 imatanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. Amene wanena zimenezi ndi sensa ya ku ekizozi, ndipo nthawi zambiri sensayo ili bwino, ikungonena zimene yaona. Chochititsa chikhoza kukhala kapaipi ka rabara kong'aluka kamene kakulowetsa mpweya, pampu ya petulo yofooka, injekita yotsekeka, kapena sensa ya mpweya yakuda imene imangofuna kutsukidwa. Munthu amene wagula kamakina kotchipa pa intaneti amawerenga nambala, n'kuona dzina la sensa, n'kukutumani kushopu.

Makaniko weniweni akawerenga nambala ndiye kuti ntchito yangoyamba. Amayang'ana manambala amene masensa akutumiza injini ikulira, amayeza mphamvu ya pampu ya mafuta, amafufuza pamene mpweya ukubera, amayeza batire ndi mawaya a ethi. Batire lofooka kapena waya wa ethi wadzimbiri amatha kuyatsa nyali zambirimbiri pa galimoto imene ilibe vuto lina lililonse. Musanagule chinthu china, funsani funso limodzi: mwayeza chiyani chimene chasonyeza kuti chinthuchi chafa? Ngati yankho ndi lakuti makina ndi amene anena, tengani galimoto yanu mwaulemu mupite kwina. Kulipira ola limodzi la kufufuza kwa munthu wodziwa zamagetsi n'kotchipa kuposa masensa atatu.

Uzaninso wina asuzumire pansi. Pa ekizozi pali chitini chotchedwa catalytic converter, ndipo m'kati mwake muli zitsulo zamtengo wapatali monga platinum, yomwe ija amakumba ku Rustenburg. Akuba amachidula usiku, ndipo ogulitsa magalimoto ena osakhulupirika amachotsa zam'kati n'kuwotcherera chitini chopanda kanthu. Zikatero nambala ya P0420 imabwerera ngakhale musinthe sensa kangati.

Nyali yachikasu ikangoyaka osaphethira, galimoto n'kumayenda bwino, mukhoza kufika nayo kugalaja modekha. Ikamaphethira ndiye kuti silinda ina sikuwotcha mafuta, ndipo kupitiriza kuyenda kumawononga zambiri. Nyali yofiira ya oyilo kapena ya kutentha ikayaka, imani pomwepo ndi kuzimitsa.

Dziwaninso kuti lamulo la kuno loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, lili kumbali yanu. Galaja iyenera kukuuzani mtengo ndi kulandira chilolezo chanu isanayambe ntchito. Iyenera kukubwezerani zitsulo zakale zimene yachotsa. Ntchito yokonza ndi zitsulo zimene aika zili ndi chitsimikizo cha miyezi itatu. Palinso ofesi ya Motor Industry Ombudsman of South Africa yolandira madandaulo. Koma zonsezi zimayenda ndi pepala. Ife Amalawi timachita manyazi kupempha risiti kwa munthu wa kwathu, poopa kuti aganiza kuti sitikumukhulupirira. Pemphani, mayi. Wogwira ntchito moona mtima sakwiya ndi risiti.

Akulu, ndine wa ku Mangochi, ndili ndi shopu ya telala ku Mayfair. Ndikufuna kugula baki ya dizilo kuno kuti ndikaisiye kumudzi, mng'ono wanga azinyamulira nsomba ndi chimanga. Ndigule yatsopanoko kapena yakale?

Apa, achimwene, ndikupendekera kumbali ya amalume a m'kalata yoyamba ija. Galimoto muziiyeza ndi malo amene ikakhale, osati amene mukuigula. Funsani kaye: ikakafa pa msewu wa ku Makanjira, adzaigwira ndani, ndipo sipeya idzachokera kuti?

Injini za dizilo zamakono, za common rail, zimapopa mafuta pa mphamvu yoposa 1,500 bar kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso. Kadontho ka madzi kapena kafumbi kamawononga injekita, ndipo injekita imodzi ndi ndalama yambiri, zinayi ndiye osanena. Kwathu mafuta akasowa anthu amagula a m'zigubu, ndipo simudziwa kuti chigubucho munali chiyani, kapena ngati sanasakanize ndi palafini. Injini zakale za pampu yamakina, monga 3L ndi 5L za Hilux, zimapirira zimenezi koposa, ndipo amakaniko a ku Mangochi, ku Liwonde ndi ku Limbe anakulira pa izo. Vuto lake ndi lija ndanena kale: kupeza yosatopa n'kovuta, chifukwa mabaki amenewa agwira ntchito ya m'mafamu ndi ya zomangamanga kwa zaka zambiri.

Ngati mupita ku yatsopanoko, sankhani imene ili yochuluka kwathu. Hilux D-4D, imene inagulitsidwa kuno kuyambira 2005 mpaka GD-6 italowa mu 2016, ndi ya common rail koma yadziwika kale ku Malawi. Isuzu KB nayonso ndi yodziwika. Ikani sefa yachiwiri ya dizilo yolekanitsa madzi, ndipo mutumize mng'ono wanuyo ndi masefa okwanira chaka. Pewani galimoto ya dizilo ya ku Ulaya yokhala ndi sefa ya mwaye ku ekizozi, imene amati DPF, chifukwa imafuna dizilo woyera kwambiri ndi maulendo ataliatali othamanga kuti idziyeretse.

Kwa amene akuganiza za galimoto yaing'ono, chenjerani ndi mayina. South Africa salola kuitanitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito kuti agulitsidwe muno, pamene kwathu misewu yadzaza ndi ma ex-Japan olowera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe: Sienta, Passo, Probox, Honda Freed, Nissan Note. Masipeya a ku Ndirande ndi a ku Lilongwe amatsatira magalimoto amenewo. Toyota Vitz imene inayamba kugulitsidwa kuno mu 2023 ndi Suzuki Celerio yovala chizindikiro cha Toyota, si Vitz ya ku Japan imene mukuidziwa ku Blantyre. Starlet ya masiku ano nayo ndi Suzuki Baleno yopangidwa ku India. Ndi magalimoto abwino, koma wogulitsa sipeya kwathu akamva dzina adzakupatsani chitsulo chosalowa.

Pa mapepala musadule njira. Galimoto ikhale yolipiridwa yonse, yosakhala m'dzina la banki, ndipo mupeze chikalata cha apolisi chosonyeza kuti si yobedwa musananyamuke kupita ku Beitbridge. Mudzadutsa Zimbabwe, kulowa Mozambique pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kufika pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo malire alionse ali ndi zolipira zake. Msonkho wa MRA umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndipo yakale kwambiri imalipira wokwera. Funsani kwa ejenti wovomerezeka kuti akuwerengereni musanagule, chifukwa baki yotchipa ku Joni ikhoza kudula pa chipata.

Bambo makaniko, ndimakhala ku Tembisa. Madzi a mu redieta akatsika ndimangothira a pa mpopi monga ankachitira bambo anga. Mnzanga akuti ndikuwononga injini. N'zoona?

Mnzanuyo akukufunirani zabwino. Mankhwala amene timati antifreeze sagwira ntchito yoletsa madzi kuundana yokha, ngakhale kuno usiku wa chisanu zimatheka ndithu. Amatetezanso aluminiyamu kuti isadyeke, amakweza mlingo umene madzi amawira, ndipo amasunga pampu ya madzi. Madzi a pa mpopi okhaokha amadya hedi ndi redieta m'kati pang'onopang'ono. Gwiritsani ntchito mtundu umene buku la galimoto yanu lanena, ndipo musasakanize mitundu.

Koma chimene chandidetsa nkhawa ndi chakuti madziwo akumatsika. Galimoto yabwino simwa madzi. Penapake pakudontha, ndipo galaja iliyonse ili ndi pampu yoyezera zimenezi m'mphindi zochepa. Pitani sabata ino, gasiketi isanapse. Musatsegule chivindikiro injini ili yotentha.

Amalume, ndili ndi zaka 19, makolo anga ndi a ku Nkhata Bay koma ndakulira ku Yeoville. Ndimathandiza pa galaja ina Loweruka ndipo ndimaikonda ntchitoyi. Anzanga akuti umakaniko ukutha chifukwa magalimoto atsopano amakonzedwa kwa madila okha. Ndipitirize?

Pitiriza, mphwanga, ndipo kalata yako yandisangalatsa kuposa onse. Anzakowo akunena za mmene zinthu zinalili. Kuyambira pa 1 Julayi 2021, malangizo a Competition Commission, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, amalola mwini galimoto yatsopano kukachititsa sevisi ku galaja imene wasankha popanda kutaya waranti yonse, ndipo amauza opanga magalimoto kuti azipereka chidziwitso cha kakonzedwe kwa magalaja oima paokha. Komanso anthu ambiri m'dziko muno amayendetsa magalimoto amene waranti yake inatha kalekale. Ntchito ilipo yambiri. Imene ikuchepa ndi ya munthu wodziwa sipanala yokha.

Mabuleki, kilatchi, mashoko, mabeya ndi ma CV joint sizinasinthe kwenikweni, ndipo maenje a m'misewu ya kuno adzakubweretsera ntchito imeneyo tsiku lililonse. Iphunzire bwino. Koma ndalama yako yoyamba ugulire multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, usanaganize za makina odula. Phunzira kuyeza mavoti, kupeza pamene magetsi akutayika pa waya, ndi kuwerenga mapu a mawaya. Mayi wa ku Cosmo City uja akusowa munthu wotere, ndipo alipo ambiri ngati iwo. Uphunzirenso zimene siziyenera kuchitika pa galimoto ya kompyuta: kuwotcherera chitsulo batire lili cholumikiza, kusemphanitsa mawaya pojampa, kuchotsa batire injini ikulira pofuna kuyesa otaneta. Njira yomalizayi akuluakulu ena amaichitabe, ndipo imatha kupsereza kompyuta nthawi yomweyo.

Magalimoto a hybrid, oyendera petulo ndi magetsi pamodzi, afika kale. Corolla Cross ya hybrid ikupangidwa ku Durban kuyambira 2021, ndipo kwathu ma Toyota Aqua ndi ma Honda Fit a hybrid akuchuluka. Mawaya a mtundu wa lalanje pa magalimoto amenewa amanyamula magetsi okwana kupha munthu. Usawagwire mpaka utaphunzitsidwa ndi wodziwa, ndipo ukhale ndi magolovesi ake.

Masamu ndi sayansi usazitaye kusukulu. Funsa ku koleji ya ntchito zamanja, ya TVET, imene ili pafupi nawe za maphunziro a umakaniko kapena a zamagetsi a galimoto, ndi mapepala amene akufuna, ndipo cholinga chako chikhale kulemba trade test, mayeso okuvomereza kuti ndiwe mmisiri. Malo aboma olembera mayesowa, a INDLELA, ali ku Olifantsfontein. Uwauze bwana wa galaja imene ukuthandizayo kuti ukufuna kulembetsedwa ngati wophunzira ntchito, ndipo uyambe lero kulemba m'kope galimoto iliyonse imene wagwira, vuto lake ndi chimene chinapezeka, chifukwa pofunsira mayesowo adzafuna umboni wa ntchito imene wachita.